Zinanazi zomwe zinkalemera usiku: lipoti la pulojekiti ya ana anayi a ku yunivesite

Ndalemba lipotili chifukwa anzanga angapo omwe amalandiranso ana a ku yunivesite akhala akundifunsa kuti pulojekiti ija yoyesa kuumitsa zinanazi ndi dzuwa inatha bwanji, ndiye m'malo mofotokozera mmodzimmodzi pa foni ndati ndingolemba zonse malo amodzi. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi, ndimayenda ndi magulu a alimi kuno ku Mulanje pa nkhani yokonza ndi kusunga zokolola. Chaka ndi chaka pamabwera ana a chaka chomaliza kudzapanga kafukufuku wawo m'magulu mwathu, ndipo achuluka kuyambira pomwe yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegulidwa ku Ndata ku Thyolo mu 2014, ena amachokera ku Blantyre, ena ku Zomba, ena ku Bunda. Maina a ana ndikunenawa, sukulu yawo komanso mudzi womwe tinagwira ntchito sinditchula, tinagwirizana choncho pachiyambi pomwe.

Vuto lomwe anabwerera

Aliyense amene anadutsapo msewu wochoka pa Chitakale kupita ku Muloza mu Disembala kapena Januwale akudziwa zomwe ndikunena. Zinanazi milumilu m'mbali mwa msewu, zina pa njinga, zina m'madengu, mavenda akutchula mtengo womwe akufuna iwowo chifukwa akudziwa kuti mlimi sangasenzenso katunduyo kubwerera naye kunyumba. Chinanazi chakupsa sichidikira munthu, masiku ochepa chabe chayamba kufewa kumunsi, madzi akutuluka, ntchentche zafika. Ikatha miyezi ingapo chinanazi chomwecho chikusowa, mtengo wakwera.

Ana anali anayi. Mtsikana wa sayansi ya zakudya, mnyamata wa uinjiniya, mnyamata wa masamu ndi mtsikana wa bizinesi. Masupavaiza awo anagwirizana kuti pulojekiti ikhale imodzi koma aliyense adzalembe lipoti lake kuchokera mbali yake, zomwe ine ndinaziyamikira kwambiri chifukwa nthawi zambiri timalandira mwana mmodzi wobwera ndi makina koma osadziwa kuti agula ndani, kapena wobwera ndi mafunso a msika koma sanagwirepo mpeni kusenda chinthu chomwe akufunsacho. Cholinga chawo chinali kupanga solar dryer, chowumitsira chogwiritsa ntchito dzuwa, yoti amayi a gulu lina la banki mkhonde aziumitsira zinanazi nthawi yomwe zachuluka, azisunga, adzagulitse zikasowa. Tinayamba ndi kwa amfumu, kenako tinakhala pansi ndi gulu, fomu yopempha chilolezo ndinawauza ana aimasulire m'Chichewa ndipo aiwerenge mokweza, osangoti sainani apa.

Chowumitsira chake chinali chosavuta. Bokosi la matabwa lokhala ndi mathileyi mkati, kutsogolo kwake lata lopaka penti yakuda lalikulu 2 sikweya mita, lopendeketsa, pamwamba pake pulasitiki yoonekera. Mpweya umalowa kumunsi, umatenthedwa pa lata paja, umakwera kudutsa m'mathileyi n'kutuluka pa chumuni utanyamula chinyezi. Mnyamata wa uinjiniya anaikamo masensa a DHT22, tizipangizo toyeza mpweya, olumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, kakulemba kutentha ndi chinyezi cha mpweya pa memori khadi. Cholakwika choyamba chinali chaching'ono ndipo tinachigwira msanga, mathileyi anawakhoma ndi waya wa sefa wa galvanised, chinanazi chili ndi asidi ndiye mapisi anatuluka ndi mizere yakuda ya waya. Tinachotsa n'kuika neti ya pulasitiki. Amayi anadandaulanso kuti manja akuyabwa akasenda zambiri, mtsikana wa zakudya anawafotokozera kuti m'chinanazi muli mankhwala achilengedwe otchedwa bromelain omwe amadya khungu pang'onopang'ono, tinagula magolovesi.

Okutobala 2022

Apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna anzanga mumve bwino. Ana anapempha kuti ayese makina mu Okutobala chifukwa ndi nthawi yomwe kalendala ya sukulu inkawalola, ine ndinavomera osaganiza kawiri. Okutobala ku Mulanje dzuwa limaswa mtengo, kumwamba kuli mbee, mpweya wouma. Mkati mwa bokosi kutentha kumafika cha m'ma 60 digiri masana, komwe ndi kutentha koyenera zipatso. Ma graph anatuluka okongola, mzere ukutsetsereka bwinobwino, ana akujambulitsa pafupi ndi makina awo, ine ndemwe ndinakondwa. Zinanazi zomwe tinkayesera tinkachita kuzisaka n'kugula modula chifukwa sinali nyengo yake, koma palibe mwa ife amene anaima n'kufunsa kuti kodi zimenezi sizikutiuza kanthu.

Amene ananena ndi mayi wapampando. Tikulongedza madzulo anandiitanira pambali n'kuti, "Alangizi, ana athuwa akugwira ntchito ndithu, koma akuyanika nthawi ya makaka. Ife zinanazi zimativuta nthawi ya mvula." Ndinangoti zoona amayi, tidzaona. Mawuwo anandikhala m'mutu njira yonse, koma chomwe chinandidzutsa kwenikweni ndi mapaketi.

Mapisi a Okutobala tinawamata m'timapepala ta pulasitiki n'kusunga ena kwa mayi msungichuma, ena kwa ine. Sipanathe masabata atatu mkati mwa mapaketi munayamba kuchita thukuta, kenako timadontho toyera ndi tobiriwira, chuku. Mukatsegula fungo ngati la mowa wosasa. Koma m'buku la mtsikana wa zakudya munalembedwa kuti chinyezi chatsika kufika 16 peresenti, chomwe ndi chouma bwino. Ndinamupempha andionetse mmene anawerengera, tinakhala pa khonde la ofesi ndi kakyuleta ya pa foni.

Iye anachita chonchi. Chinanazi chosenda chimakhala ndi madzi pafupifupi 86 peresenti. Anaika magalamu 1,000 pa thileyi, atauma anatsala 300. Ndiye anati zachoka 700, kutanthauza 70 peresenti, 86 kuchotsa 70 kutsala 16. Zikumveka ngati zoona eti, ndipo ineyo ndinaliona bukulo mu Okutobala osaona vuto. Koma tiyeni tione bwino. M'magalamu 1,000 aja, 860 ndi madzi, 140 ndi chinanazi chenicheni, shuga ndi ulusi wake, ndipo 140 ameneyu sachoka ngakhale muumitse chotani. Mukatsala ndi 300 ndiye kuti 140 ndi chinanazi, 160 ndi madzi. 160 pa 300 ndi 53 peresenti. Tinamata m'mapaketi chinthu chomwe theka lake ndi madzi, kunja kouma mkati muli nyowe. Kuti chinyezi chifike 18 peresenti, magalamu 1,000 aja ayenera kutsika mpaka pafupifupi 170.

Mwanayo anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana foni, kenako misozi. Anati, "Ankolo, ndiye kuti zonse za Okutobala zapita." Ndinamuuza kuti sizinapite chifukwa manambala a sikelo analemba oona, cholakwika ndi fomula yokha, tiwerengeranso. Ndipo ichi ndi chomwe chinamupulumutsa, ankalemba kulemera kwenikweni kwa thileyi iliyonse ndi nthawi yake m'buku la pamanja, osati peresenti yokha. Akanakhala kuti ankangolemba yankho lomaliza bwenzi titayambiranso pa ziro. Titawerengeranso zinaoneka kuti ngakhale mu Okutobala momwe makina ankafuna masiku awiri athunthu, osati tsiku limodzi ndi kachidutswa monga ankanenera.

Ku labu nakonso kunali zake. Kuti mudziwe madzi enieni m'chipatso mumaika sampulo mu uvuni mpaka kulemera kusiye kusintha. Iye ankaika pa 105 digiri monga amachitira ndi chimanga, koma chinanazi chili ndi shuga wambiri, pa moto umenewo shuga amapserera, sampulo imada n'kupepuka mopitirira, yankho limanama. Anatsitsa kufika 70 digiri n'kutalikitsa nthawi. Komanso chaka chimenecho magetsi ankazimazima kwambiri chifukwa Kapichira inali isanakonzedwe chiwonongekere ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ndiye uvuni umazima pakati pa usiku sampulo n'kuyamwanso chinyezi. Masampulo angapo anawataya n'kubwereza, ndipo ndinamuuza alembe m'lipoti kuti anataya angati komanso chifukwa chake.

Januwale 2023

Ndinaimbira masupavaiza awo n'kupempha kuti ana abwerenso mu Januwale. Sizinali zophweka, ndalama ya pulojekiti inali itatha, mafuta a galimoto ankasowa miyezi imeneyo ndiye mtengo wa minibasi ndi kabaza unali utakwera, ana anasonkha okha kuchokera ku ndalama yawo yodyera. Amayi anati zinanazi apereka ulere popeza zinali zikuwola kale m'minda, ndipo anawapatsa pogona.

Amene simukudziwa mbali ino, m'munsi mwa phiri kumbali ya kum'mwera mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a Malawi, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino kuno. Januwale kum'mawa kumatha kucha bwino, ikamakwana 11 koloko mitambo yayamba kutsika m'phiri, masana mvula, usiku nkhungu. Bokosi lomwe linkafika 60 digiri linkavutika kupitirira 40, masiku ena osafika n'komwe. Mapisi tsiku loyamba akungofota, lachiwiri akuda, lachitatu fungo losasa layamba, tintchentche tating'ono tija tadzaza pa chumuni. Mtanda woyamba wonse, kutanthauza mapisi onse omwe tinaika ulendo umenewo, tinapatsa nkhumba.

Mnyamata wa uinjiniya ndinamuuza asiye kaye kukonza makina, awerengere mphamvu. Makilogalamu 10 a mapisi kuti atsike kufika 1.7 muyenera kuchotsa madzi okwana makilogalamu 8.3, ndipo kilogalamu imodzi ya madzi kuti isanduke nthunzi imafuna mphamvu ya kutentha pafupifupi 2.4 MJ (MJ ndi muyezo wa mphamvu), zonse pamodzi pafupifupi 20 MJ kapena kuti 5.5 kWh, ngati mayuniti a magetsi aja. Tsiku lowala bwino sikweya mita imodzi imalandira dzuwa la cha m'ma 6 kWh, lata lake la 2 sikweya mita ndiye 12, koma makina oterewa omwe alibe fani amagwiritsa ntchito mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuyo, kwina konse kumathawa. Ndiye tsiku labwino kwambiri mwapeza 4 kWh pomwe mukufuna 5.5. Tsiku la mitambo dzuwa likatsika ndi theka kapena kuposa, mukufuna masiku atatu kapena anayi, ndipo chinanazi chodula sichingakhale chonyowa pofunda masiku anayi osasasa. Masamu amenewa ndi a theka la ola, akanawachita asanagule thabwa ndi limodzi lomwe, ndipo ine ndikanawafunsa tsiku loyamba.

Koma nkhani yomwe yandichititsa kulemba ndi ya mnyamata wa masamu. Iye ntchito yake inali kupeza fomula yolosera kuti mapisi auma nthawi yanji. Ankagwiritsa ntchito ma model awiri odziwika, kutanthauza mafomula olosera, la Lewis lomwe limati chinyezi chimatsika motsatira exp(-kt), t kukhala nthawi ndipo k liwiro la kuuma, ndi la Page la 1949 lomwe limangowonjezera kanambala n pamwamba pa t. Onse awiri mzere wake umangotsika, sukwera. Ndikuyang'ana Excel yake ndinaona kuti manambala a m'mamawa palibe, pali a 5 koloko madzulo kenako a 10 koloko m'mawa. Ndinamufunsa kuti a 6 koloko ali kuti, popeza ndinkadziwa kuti mayi mlembi amayeza mathileyi m'mamawa asanapite kumunda. Anati, "Ankolo, amenewo ndi ma outlier, ndinawachotsa. Akuonetsa kuti zinanazi zalemera kuposa dzulo lake, sizingatheke, mwina amayi sakuwerenga bwino sikelo."

Izi zinandipweteka, ndisaname. Mayi ameneyo ndi amene amasunga buku la banki mkhonde zaka ndi zaka popanda tambala kusowa, ndipo mwana wa sukulu ataona nambala yosagwirizana ndi fomula yake chomwe anakayikira choyamba ndi mayiyo. Sindinamukalipire, ndinangomuuza kuti usiku uno tigona konkuno, tiyeza tokha maola awiri alionse.

Tinatero. Tinayala mphasa m'khitchini mwa mayi wapampando, alamu pa foni, tochi m'manja, sikelo titaika pa thebulo lowongoka bwino. Anali mapisi a usiku wachiwiri, ofota kale, omata m'manja. 8 koloko tinayeza, 10 koloko nambala yakwera pang'ono, iye anati mwina sikelo, tinayesa sikelo ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, ili bwino. 12 koloko yakweranso, 2 koloko yakweranso. Cha m'ma 4 koloko nkhungu ili tolo, pulasitiki ya makina ikudontha mame mkati, anatola pisi limodzi n'kulipinda, lomwe madzulo linali lolimba ngati chikopa tsopano lili lofewa, lonyezimira. Anakhala pa chitsa tochi ili m'manja osayankhula. M'mawa mayi mlembi atabwera ndi buku lake mwanayo anaimirira n'kunena kuti, "Amayi, pepani, manambala anu anali olondola, ndine ndinalakwitsa." Mayiwo anangoti, "Mwana wanga, ufa ukayanika pa mphasa sugona panja. Mfutso sugona panja. Timaanula dzuwa likamapendeka, mukanafunsa."

Chomwe chimachitika n'chakuti chipatso chouma pang'ono, makamaka cha shuga wambiri, chimakoka madzi mumpweya ngati mmene shuga kapena mchere umanyowera m'kabati nthawi ya dzinja. Pa mlingo uliwonse wa chinyezi cha mpweya pali pomwe chipatso chimakhazikika, osataya madzi osayamwa. Masana mpweya wotentha malo okhazikikawo ali pansi ndiye chipatso chikutaya madzi, usiku mpweya ukakhuta madzi malo aja amakwera kupitirira pomwe chipatso chili, ndiye chimayamba kuyamwa. M'fomula muli kachizindikiro kolembedwa Me koimira malo okhazikikawo, ndipo ana ambiri amangokaika ziro chifukwa anaona ena akutero. Usiku woyamba simuona kanthu chifukwa mapisi akadali odzaza madzi, zimaonekera usiku wachiwiri ndi wachitatu. Mnyamatayo anabwezeretsa manambala onse omwe anachotsa, n'kulemba model yake yomwe Me imasintha malinga ndi chinyezi cha mpweya ola ndi ola. Mzere wake unatuluka wa manomano ngati sowo, kutsika masana kukwera usiku, ndipo unagwirizana ndi buku la mayi mlembi kuposa ma graph okongola aja. Kwa ine iyi ndi ntchito yabwino kwambiri yomwe inatuluka m'pulojekiti yonse.

Kuti model imeneyi igwire pankafunika manambala oona a chinyezi cha mpweya, ndipo masensa ena anali atayamba kungolemba 99.9 usana ndi usiku, DHT22 ikanyowa ndi mame imatero. Tinawayesa ndi njira ya mchere, mumathira mchere wa kukhitchini m'kachivindikiro, kudontheza madzi pang'ono ukhale ngati phala, kutsekera pamodzi ndi sensa m'botolo losalowa mpweya usiku wonse. Mpweya wa mmenemo umakhazikika pa 75 peresenti. Sensa yomwe yawerenga kutali ndi pamenepo mukudziwa kuti ikunama. Ziwiri tinazichotsa.

Mnyamata wa uinjiniya ndiye anavutika mumtima kwambiri poganiza za difensi, tsiku lokateteza kafukufuku wake pamaso pa oyesa. Anabwera kwa ine payekha n'kuti, "Ankolo, difensi yayandikira, ndikakanena kuti makina anga saumitsa mu Januwale andilepheretsa. Bwanji ndingolemba za Okutobala, sindikunama, zinachitikadi." Ndinamvetsa mantha ake, mwana woyamba kufika ku yunivesite m'banja mwawo, ngongole ya fizi ikumudikira. Koma ndinamuuza kuti lipoti limenelo lidzakhala mu laibulale, tsiku lina bungwe lina lidzaliwerenga n'kugulira magulu makina makumi angapo otere, amayi adzasenda zinanazi zawo n'kuzitaya kwa nkhumba. Tinaimbira supavaiza wake limodzi, foni ili pa laudi. Bamboyo anamuuza mosapita m'mbali kuti alembe zonse ziwiri, Okutobala ndi Januwale, ndipo kuti kusiyana kwa miyezi iwiriyo ndiye kafukufuku wake.

Zomwe tinasintha

Zitatu zinali zaulere. Kuanula mapisi dzuwa likapendeka n'kuwatsekera m'ndowa za pulasitiki zokhala ndi chivindikiro chothina, m'mawa kubwezera. Kudula mopyapyala, mamilimita 5 m'malo mwa 10, kalipentala anatipangira kathabwa kokhala ndi mpata woyezera kuti aliyense azidula mofanana. Kusenda mbandakucha kuti mathileyi alowe dzuwa likungotuluka, chifukwa maola a kum'mawa ndi okhawo odalirika.

Chachinayi chinali moto. Anadula mgolo pakati n'kupanga ng'anjo kunja kwa bokosi, paipi yachitsulo ikudutsa pansi pa mathileyi n'kutulukira kumbuyo, kuti kutentha kulowe koma utsi usakhudze chakudya. Ulendo woyamba utsi unadontha polumikizira, mapisi anamveka ngati nsomba yowamba, amayi anamata ndi dothi la pachulu zinatheka. Ndi moto wa maola angapo madzulo, mtanda unkauma mkati mwa masiku awiri ngakhale kuli mitambo, wachikasu bwino, wopindika osathyoka, ndipo mapaketi ake sanachite chuku. Koma funso la nkhuni silinathe. Tinagwirizana kuti nkhuni za m'phiri ayi, tonse tikuona mmene phiri layerera komanso mmene mkungudza wathera. Tinkasonkhezera zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, koma Januwale zimenezi zimakhala zitatha kale kuphikira, ndiye gulu liyenera kumasunga kuyambira nthawi yokolola. M'lipoti analemba choncho, kuti vutoli likadalipo.

Mbali ya bizinesi

Mtsikana wa bizinesi anayamba ndi mafunso a pa pepala, funso lalikulu loti kodi mungagule zinanazi zouma. Pafupifupi aliyense anati eya. Ife a Malawi mwana wa sukulu akatiimika ndi pepala sitifuna kumukhumudwitsa. Ndinamuuza atenge mapaketi enieni akaime nawo pa Chitakale ndi pa Luchenza, aike mtengo. Anthu ankalawa, kuyamikira, kufunsa mtengo n'kuloza mulu wa zinanazi zaziwisi pafupi pomwepo. Inalinso nthawi ya kolera, mliri waukulu uja wa 2022 mpaka 2023, anthu ankaopa chakudya chosendasenda chopanda chizindikiro, ndipo ifenso madzi otsukira zinanazi ndi mipeni tinkathira klorini nthawi zonse. Anabwerako ndi mapaketi ambiri osagulidwa, koma anabwera ndi manambala oona.

Atakhala pansi anapeza izi. Chinanazi mukachotsa nsonga, makoko ndi mtima pamatsala pafupifupi theka, ndiye makilogalamu 20 a zinanazi zathunthu amapereka 10 a mapisi, omwe amauma kufika 1.7. Kilogalamu imodzi ya zouma yadya zinanazi pafupifupi makilogalamu 12, musanawerengere mapaketi, moto ndi thukuta. Wogula pa mtengo umenewo sali pa Chitakale mu Januwale, ali m'tauni, m'mashopu ndi m'malo ogona alendo, miyezi yomwe zaziwisi zasowa, ndipo mashopu akuluakulu amafuna chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, kutanthauza malo okonzera ovomerezeka, osati pabwalo. Anaonanso zinthu ziwiri zomwe pa pepala la mafunso sizikanatuluka. Choyamba, phindu lonse lili pa kudikira miyezi inayi kapena isanu, koma mpamba wa amayi ndi wa banki mkhonde womwe chiwongola dzanja chake chimawerengedwa mwezi ndi mwezi, komanso Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, ndalama ikufunika lero ya chimanga ndi feteleza wobereketsa. Chachiwiri, nthawi yomwe zinanazi zachuluka ndi yomweyo yopalira ndi kubandira, ndi yomweyonso tiyi amaphuka kwambiri ndipo ambiri ali kothyola. Manja osendera mbandakucha ndi omwewo akufunika kumunda. Iye anamaliza ndi kunena kuti mayi mmodzi payekha sangapindule, gulu lingapindule pokhapokha litapeza wogula wa m'tauni wogwirizana naye zisanaume, komanso mpamba wosathamangitsa.

Malichi ndi pambuyo pake

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Za mmene Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinawonongekera sindifotokoza, ambiri a inu munataya abale ndi nyumba. M'mudzi muja gulu lonse linapulumuka koma minda ya ena inakokoloka, makina athu pulasitiki inang'ambika yonse, lata linapezeka kumunsi m'munda mwa eni, bokosi linagwa chammbali. Ana anali atabwerera kusukulu, ndipo buku la mayi mlembi la manambala a Febuluwale linali lisanajambulidwe. Msewu utatseguka ndinapita ndili ndi nkhawa ndi anthu, za buku ndinali nditazitaya kale mumtima. Mayi mlembi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndowa ija yotsekera mapisi usiku, anatsegula, mkati muli buku la banki mkhonde, ziphaso za kuchipatala za ana awo, ndi buku la zinanazi, zonse zouma.

Ana onse anayi anakhoza difensi. Wa uinjiniya anandiimbira madzulo ake kuti mafunso ambiri anali pa Januwale, ndipo mmodzi mwa oyesa anamupempha masamu a mphamvu aja kuti aziphunzitsira chaka chachitatu. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asathere pa difensi, abwere adzauze gulu zomwe anapeza. Anabwera atatu, wachinayi anali atapeza ntchito ku Lilongwe koma anatumiza gawo lake. Anabweretsa pepala limodzi la Chichewa lomatidwa pulasitiki, lomwe pamwamba pake palembedwa kuti thileyi yoyesera ikalowa ndi magalamu 1,000 isatuluke isanafike 170, ndipo m'munsi mwake dzina la gulu lalembedwa pamodzi ndi maina awo ngati eni kafukufuku.

Makinawo tinawakonzanso ndi pulasitiki yatsopano. Pakali pano amayi akuumitsiramo kwambiri masamba a mfutso, tsabola ndi nthochi nthawi ya dzuwa, zinanazi amaumitsa zochepa, za oda yokha, ndipo mitengo ya nandolo ayamba kuunjika pa tsindwi la khola kuyambira Seputembala. Wogula wokhazikika wa m'tauni sanapezeke mpaka lero, nkhani ya malo ovomerezeka ikadali pa mapepala. Supavaiza wina wandilembera kuti ali ndi ana awiri akufuna kuyesa fani ya sola pa makina omwewa, ndamuyankha kuti abwere sabata yachiwiri ya Januwale, atenge majekete a mvula, buku la pamanja aliyense lake, ndipo tsiku loyamba asakhudze makina, akakhale kaye ndi mayi wapampando ndi mayi mlembi.